Mchere wa ku Taghaza ndi Golide wa Mansa Musa

Tili ku sekondale, mphunzitsi wathu wa mbiri yakale adajambula pabolodi mapu a kuzambwe kwa Africa, nalembapo mayina atatu: Ghana, Mali ndi Songhai. Mwa maufumu atatuwa, wa Mali ndiwo udatikomera tonse chifukwa cha munthu mmodzi, Mansa Musa, amene m'chaka cha 1324 adadutsa mumzinda wa Cairo pa ulendo wake wa ku Mecca, namwaza golide ngati akufesa mawere. Dzinalo ndi chakacho tidaziloweza, pamayeso tidalemba, ndipo tidakhoza. Koma panali funso limodzi limene palibe adalifunsa, ngakhale ine ndemwe. Kodi golideyo adadutsa m'manja mwa yani asadafike m'manja mwa mfumu?

Funsoli lidandipeza nditakula, pamene ndidayamba kuwerenga zimene adasimba Ibn Battuta, mlendo wa ku Tangier amene adayenda m'dziko la Mali m'zaka za 1352 ndi 1353. Chidandidabwitsa n'chakuti nkhani ya ulendo wakewo imayambira pa mchere, kanthu komwe kuno kwathu timatuma mwana kukapempha kwa anansi ndiwo zili kale pamoto. Tsono m'nkhani ino ndafuna kuti tiutsate mcherewo kuchokera pomwe unkakumbidwa mpaka pomwe unkasinthanitsidwa ndi golide. Paliponse pamene uzisintha manja tiziima, timuyang'ane nkhope woulandirayo. Tikatero tiona mmene anthu a mu ufumuwu adasanjikizirana, amene adali pamwamba ndi amene adasenza onsewo.

Tiyambire ku Taghaza, pakati pa chipululu cha Sahara. Ibn Battuta adafika kumeneku atayenda masiku 25 kuchokera ku Sijilmasa, mzinda wa amalonda wa kummwera kwa Morocco. Adapeza mudzi wopanda mtengo ngakhale umodzi, wa madzi owawa ndi ntchentche zosaneneka. Nyumba zake, ndi mzikiti womwe, zidamangidwa ndi miyala ya mchere, ndipo madenga ake adali a zikopa za ngamila. Mcherewo ankaukumba pansi pa mchenga pomwe udagona mosanjikizana ngati matabwa, ndipo ngamila imodzi inkasenza miyala iwiri basi. Okhala m'mudziwu adali akapolo okhaokha, a fuko la Massufa, limodzi mwa mafuko a m'chipululumo. Chakudya chawo chonse chinkachokera kutali: zipatso za kanjedza kuchokera kumpoto, mchewere kuchokera kummwera, ndiponso nyama ya ngamila. Leo Africanus, amene adalemba za malowa patapita zaka zoposa 150, adati amalonda akachedwa kubwera ndi chakudya ankapeza ena mwa okumbawo atafa ndi njala. Amenewa ndiwo manja oyamba, ndipo palibe mlembi adatisungirako dzina la mmodzi wa iwo.

Manja achiwiri ndi a eni ngamila. Kuchokera ku Taghaza kupita kummwera kudali madera amene munthu ankayenda masiku khumi osaona chitsime. Pachifukwa ichi gulu la apaulendo linkalemba ganyu munthu wa fuko lomwelo la Massufa, wotchedwa takshif, kuti atsogole yekha ndi makalata kukadziwitsa anthu a ku Walata kuti alendo ali m'njira. Akalandira uthengawo, a ku Walata ankanyamula madzi kukawachingamira ulendo wa masiku anayi. Mthengayo akasochera kapena kufera m'njira, gulu lonse kapena ambiri mwa iwo ankatha ndi ludzu. Gulu la Ibn Battuta lidamulipira mamithikali 100 a golide, ndipo mithikali imodzi ndi magalamu anayi ndi pang'ono. Apa tione kusiyana kwake: wokumba mchere ankalandira zipatso za kanjedza, pamene wodziwa njira ankalandira golide wodzaza dzanja. M'malonda amenewa kudziwa njira kudali kwa mtengo wapatali kuposa thukuta.

Atayenda miyezi iwiri chichokereni ku Sijilmasa, apaulendowo adafika ku Walata, chipata cha kumpoto cha ufumu wa Mali. Kumeneku kudali nduna ya mfumu, yotchedwa farba, imene amalonda onse ankaonekera pamaso pake. Ndunayo idalankhula nawo kudzera mwa womasulira ngakhale adali pafupi pomwepo, ndipo Ibn Battuta adakwiya poganiza kuti ikuwanyoza. Sadadziwe kuti m'dzikomo munthu wa udindo salankhula yekha pagulu. China chidamuzunguza mutu ndi chakuti anthu a fuko la Massufa okhala mumzindawo ankatchulidwa ndi dzina la malume awo, ndipo chuma cha mwamuna chinkagwera ana a mlongo wake m'malo mwa ana ake. Nditawerenga pamenepa ndidaseka ndekha, pakuti zomwe zidamudabwitsa mkuluyu Mchewa aliyense akadangoti ndi mwambo. Ku Walata katundu wa ngamila imodzi wa mchere ankagulidwa mamithikali 8 mpaka 10. Katundu yemweyo akafika ku likulu la Mali ankagulidwa 20 mpaka 30, nthawi zina 40.

Kodi n'chiyani chinkaukweza mtengo chotere? Dera la kummwera kwa Sahara ndi lotentha, munthu ndi chiweto chomwe amataya mchere wambiri m'thukuta, pamene nyanja ili kutali ndipo nthaka ya kumeneko ili ndi mchere wochepa. Choncho mchere udasanduka ndalama. Ankaudula tizidutswa n'kumagulira zinthu pamsika. Ibn Battuta adachoka ku Walata ndi anzake atatu ndi wowalondolera njira, ulendo wa masiku 24 kwa munthu wofulumira, osanyamula kamba kapena ndalama zachitsulo. Adangotenga tizidutswa ta mchere, mikanda ndi zonunkhiritsa. Akafika pamudzi, amayi ankatuluka ndi mchewere, mpunga, mkaka, nkhuku ndi ufa wa nyemba, n'kusinthana naye. Amayi amenewa ndi amuna awo ndiwo adali ochuluka mu ufumu wonse. Adali alimi, abusa a ng'ombe ndi asodzi, ambiri a iwo mfulu, ndipo ndiwo ankadyetsa amalonda, asilikali ndi mfumu yomwe. Ambiri mwa iwo adakalamba osagwirako golide, koma mchere onse ankaufuna tsiku ndi tsiku.

Ngamila sizikhalitsa m'madera a chinyezi, kotero kuti amalonda a kumpoto ankathera m'mizinda ya m'mphepete mwa chipululu. Kuyambira pamenepo mchere unkalowa m'manja mwa amalonda a m'dziko momwemo, amene Aluya ankawatcha Wangara, ndipo pambuyo pake adadziwika ndi dzina lakuti Juula, kutanthauza wamalonda. Amenewa adali Asilamu, odziwa kulemba ndi kuwerengera, ndipo ankayenda ndi tisikelo tawo toyezera fumbi la golide. Chipembedzo chidawathandiza kukhulupirirana pa ngongole ndi anzawo a ku Fez kapena ku Cairo amene sadaonanepo nawo maso. Katundu ankamukweza pa abulu, pamitu ya amtengatenga, ndi m'mabwato a pamtsinje wa Niger. M'kupita kwa zaka njira yodzera ku Timbuktu ndi ku Jenne idakula kuposa ya ku Walata chifukwa cha mtsinjewu. Kummwera ankatengako mtedza wa kola wa m'nkhalango, kumpoto ankalandirako nsalu, mkuwa, mabuku ndi akavalo. Ngakhale tizigoba ta m'nyanja tochokera ku zilumba za Maldives tinkafika kumeneko n'kumagwira ntchito ya ndalama. Ibn Battuta adapeza 1,150 mwa ito tikusinthidwa ndi dinari imodzi ya golide.

Tisaganize kuti malondawa adabwera ndi alendo. Akatswiri ofukula zakale, Roderick ndi Susan McIntosh, atayamba kukumba pa Jenne-jeno m'chaka cha 1977, adapeza kuti anthu adayamba kukhala pamalopo cha m'ma 250 Yesu asadabadwe, ndipo ankalandira chitsulo, miyala ndi mkuwa kuchokera kutali Aluya asadaponde m'deralo. Ngamila zidangolumikiza msika umene udalipo kale ndi misika ya kutsidya kwa mchenga.

Mapeto a ulendo wa mchere adali ku migodi ya golide, ku Bambuk pakati pa mitsinje ya Senegal ndi Faleme, ndi ku Bure kumtunda kwa Niger. Okumba golide adali anthu wamba a m'midzi, olima nthawi ya dzinja n'kumakumba maenje nthawi ya chilimwe, amuna kulowa pansi, amayi kutsuka dothi m'zipanda. Amalonda ankabisa kumene golideyo ankachokera, mwakuti mlembi wina, Ibn al-Faqih, adafika polemba kuti golide amamera mumchenga ngati karoti. Okumbawa sadali Asilamu. Al-Umari, mlembi wa ku Damasiko amene adafunsa anthu omwe adacheza ndi Mansa Musa ku Cairo, adasimba chinthu chimene ndimachiona kuti ndicho mtima wa nkhani yonseyi. Adati mafumu a Mali adaona kuti akagonjetsa dera la migodi ndi kulowetsamo Chisilamu, golide ankachepa. Choncho adawasiya eni nthaka ndi miyambo yawo, iwo n'kumangolandira mtulo. Kaya ndi mizimu idakwiya, kaya ndi anthu adangoika makasu pansi, mfumu idaphunzirapo kuti lupanga silikumba golide.

Apa ndipo tikuona chinsinsi cha chuma cha Mali. Dzenje la mchere lidali kunja kwa malire ake, ndipo dzenje la golide lidali m'manja mwa eni ake. Chimene mfumu idagwira zolimba ndi njira ya pakati pa maenje awiriwa. Nzeru imeneyi idayamba kale ndi mafumu a Ghana. Al-Bakri, polemba m'chaka cha 1068, adati mfumu ya Ghana inkalandira dinari imodzi pa bulu aliyense wolowa ndi mchere, ndi madinari awiri pa bulu wotuluka nawo, komanso kuti zibuma zonse za golide zidali za mfumu, anthu n'kutsala ndi fumbi lokha. Mali idalowa m'malo mwa Ghana pa ntchito yomweyi. Msonkho unkagula akavalo, akavalo ankateteza njira, njira yotetezedwa inkakoka amalonda, ndipo amalonda ankapereka msonkho wina. Ibn Battuta, amene adali wovuta kumukondweretsa, adavomera kuti m'dzikomo wapaulendo sankaopa wakuba kapena wachifwamba, ndiponso kuti mlendo wa kumpoto akafera kumeneko chuma chake sichinkalandidwa, koma chinkasungidwa ndi munthu wokhulupirika mpaka wolowa m'malo atapezeka. Mtendere umenewu ndiwo udali katundu weniweni amene mfumu inkagulitsa.

Nanga anthuwo adasanjidwa bwanji? Malinga ndi mbiri ya pakamwa ya Amandinka, Sundiata Keita atagonjetsa Sumanguru Kante pa nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235, adasonkhanitsa akuluakulu a mafuko pabwalo la Kurukan Fuga, ndipo kumeneko aliyense adapatsidwa malo ake. Gulu loyamba lidali la mfulu, lotchedwa horon. M'menemo mudali mafuko 16 a onyamula phodo, amene ankalima pa mtendere n'kumagwira uta pa nkhondo, mafuko asanu a aphunzitsi a Chisilamu, ndi banja la Keita lomwe linkatulutsa mafumu. Gulu lachiwiri lidali la amisiri, lotchedwa nyamakala: osula zitsulo amene akazi awo ankaumba mbiya, ofufuta ndi kusoka zikopa, ndi alakatuli otchedwa jeli. Amenewa ankakwatirana okhaokha, luso lawo linkayenda m'magazi, ufumu sankaulowa, koma mwambo sunkalola kuti agulitsidwe ukapolo. Ankawaopa ndi kuwanyoza nthawi imodzi, pakuti popanda wosula palibe khasu kapena mkondo. Gulu lachitatu lidali la akapolo, lotchedwa jon. Pofuna kuziziritsa mitima pakati pa mafuko padali chibale cha nthabwala chotchedwa sanankuya, chonga chisuweni cha kuno kwathu, chomwe chinkalola mafuko awiri kunyozana poyera popanda wokwiya.

Ku bwalo la mfumu magulu onsewa ankaonekera pamodzi. Pamene Ibn Battuta adafika, wolamula adali Mansa Sulayman, mbale wake wa Mansa Musa. Mlendoyo ankayembekezera mikanjo ndi golide, koma mphatso yomulonjera idali mikate itatu, nyama ya ng'ombe yokazinga ndi chipanda cha chambiko, ndipo adaseka nayitcha mfumuyo yaumbombo. Komabe adaona zambiri. Mfumu ikatuluka inkatsatidwa ndi akapolo onyamula zida okwana ngati 300. Munthu woitanidwa pamaso pake ankavula zovala zabwino n'kuvala nsanza, ndipo mfumu ikamuyankha ankadzithira fumbi kumutu ndi kumsana. Aliyense wofuna kulankhula ndi mfumu ankadzera mwa womasulira wake, Dugha, amenenso adali woimba wamkulu wa pabwalopo. Pa tsiku la chikondwerero alakatuli ankavala nthenga ndi chigoba cha mutu wa mbalame, n'kuima pamaso pa mfumu kuikumbutsa ntchito za amene adakhala pampandowo iyo isadabadwe, ndi kuilangiza kuti nayonso ichite zoti idzakumbukidwe nazo. Mkulu wa asilikali ankadzithira fumbi, koma mlakatuli, wa gulu lonyozekalo, ankaiuza mfumu zoona maso ndi maso. Kwa ife olemba, apa pali phunziro.

Za akapolo tisazibise pofuna kukometsa mbiri ya Africa. Iwo adali m'minda, m'migodi, m'nyumba ndi m'gulu la nkhondo, ndipo ambiri adagwidwa m'nkhondo za kumalire. Wobadwira m'nyumba ya mbuye wake, wotchedwa woloso, mwambo unkamuteteza kuti asagulitsidwe, ndipo ena ankakwera mpaka kukhala nduna. Ibn Khaldun adalemba za Sakura, amene adali kapolo womasulidwa wa banja lachifumu, koma adalanda mpando, nakulitsa ufumuwo, napita ku Mecca, ndipo adaphedwa pobwerera cha m'ma 1300. Koma Sakura adali mmodzi. Pamene Ibn Battuta ankabwerera kwawo m'chaka cha 1353 kudzera ku Takedda, mzinda wa mkuwa, gulu lomwe adayenda nalo lidali ndi akapolo aakazi okwana ngati 600. Njira yomwe idatsitsa mchere ndiyo idakweza ana a eni ake kupita kumisika ya kumpoto. Ndikaganiza za amayi amenewa akuyenda pamchenga wotentha, ludzu lili kukhosi, golide wa Mansa Musa amandichepera kuwala.

Tibwerere tsopano ku Cairo komwe tidayambira. Al-Umari, amene adalemba patapita zaka 12 chidutsireni Mansa Musa, adapeza anthu mumzindawo akusimbabe za kupatsa kwake. Adalemba kuti mithikali ya golide, imene kale sinkatsika pa madirihamu 25, idali isakupitirira 22. Kupatsako kudagula mbiri. M'chaka cha 1375 wojambula mapu wa pachilumba cha Majorca adajambula mfumuyo itakhala pampando, golide ali m'dzanja, ndipo Azungu amene ankasula ndalama zagolide ku Genoa ndi ku Florence kuyambira 1252 adadziwa komwe chumacho chinkachokera. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, koma mfumuyi idapatsa mpaka thumba lidapepuka, ndipo pobwerera idakongola ndalama kwa amalonda a ku Egypt pa chiwongoladzanja chachikulu. Mmodzi mwa iwo, wa ku Alexandria, adailondola mpaka ku Timbuktu kukatenga ngongole yake, nafera komweko. Ibn Battuta adaona manda ake. Mbali imeneyi ya nkhani sitidailembe pamayeso.

Ufumu wodalira njira umagwa njirayo ikapatuka. Mari Jata Wachiwiri, amene adalamula kuyambira 1360 mpaka cha m'ma 1374, adamwaza chuma cha makolo ake, mpaka adagulitsa motchipa kwa amalonda a ku Egypt chibuma chachikulu cha golide chomwe mafumu ankachisunga ngati chizindikiro cha ufumu. Iye adafa ndi nthenda ya kaodzera. Cha m'ma 1433 Atuareg adalanda Timbuktu, ndipo m'chaka cha 1468 Sonni Ali wa ku Songhai adaulandanso mzindawo. Migodi yatsopano ya m'nkhalango za Aakan idakokera amalonda kum'mawa, kenaka Apwitikizi adamanga linga lawo la Elmina m'chaka cha 1482, golide wina nayamba kutulukira kunyanja. Nawonso ufumu wa Songhai udagwa m'chaka cha 1591 pa nkhondo ya ku Tondibi, ndipo china mwa zoyambitsa mkangano wake ndi mfumu ya Morocco chidali mchere wa ku Taghaza womwe uja. Okumba adasamukira ku Taoudenni, komwe mchere wa miyala udapitiriza kukumbidwa ndi manja mpaka m'nthawi yathu ino.

Mipando ya mafumu idatha, koma kasanjidwe ka anthu kadatsala. Djibril Tamsir Niane adasindikiza mbiri ya Sundiata m'chaka cha 1960 ataimva kwa jeli Mamadou Kouyaté, wa fuko lomwe lakhala likusunga mbiri ya a Keita. Woimba Salif Keita, wobadwa m'chaka cha 1949, adalimbana ndi abale ake posankha kuimba, chifukwa kwa iwo mwana wa fuko lachifumu sayenera kugwira ntchito ya jeli. Zaka mazana asanu ndi awiri zidali zitadutsa chikhalireni bwalo la Kurukan Fuga, koma malire ake adali akadali m'mitima ya anthu.

Poomba mkota, owerenga anzanga, ine sindikuchotsa Mansa Musa pampando wake. Mzikiti wa Djinguereber umene udamangidwa m'masiku ake ku Timbuktu ukuchitira umboni kuti adali mfumu yoona patali. Koma mutu umodzi susenza denga. Golide amene ali m'dzanja lake pa mapu aja adayambira kwa kapolo wa ku Taghaza, nadzera kwa mthenga woyenda yekha m'chipululu, kwa mayi wosintha nkhuku ndi kachidutswa ka mchere, kwa wopalasa bwato, kwa wosula khasu, ndi kwa mayi wotsuka dothi m'chipanda ku Bure. Alakatuli adasunga mayina a mafumu chifukwa mafumuwo ndiwo ankawadyetsa. Ife amene tagwira cholembera lero tili ndi mwayi wosankha amene tingamutchule. Ndikadabwerera m'kalasi muja, ndikadakweza dzanja n'kupempha aphunzitsi kuti pamwamba pa mayina atatu aja, pakati pa chipululu pomwe adasiya poyera, alembepo lachinayi: Taghaza.